Kalata yotseguka kwa oyang'anira njira zoyenda pansi za m'mbali mwa nyanja

Olemekezeka akuluakulu a khonsolo, akuluakulu oona za malo, za chilengedwe ndi zokopa alendo, komanso inu eni minda ndi eni nyumba zogona alendo zoyang'ana kunyanja,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ndikudziwa kuti pamatebulo anu pali nkhani zolemera: misewu, zipatala, masukulu, madzi akumwa. Kanjira kapansi kodutsa m'minda ndi m'mabango kangaoneke ngati nkhani yoti iyambe yadikira. Ndalemba kudzakupemphani kuti musakaone choncho. Ndalemba poyera chifukwa makalata awiri amene ndinatumiza ku ofesi sanayankhidwe, komanso chifukwa ndikudziwa kuti anthu okhala m'mbali mwa nyanja zina akawerenga izi azizindikira ngati zakwawo.

Bambo anga ali ndi zaka 74. Chaka chatha anadwala matenda opha ziwalo, ndipo mwendo wakumanzere unatsala wolemera. Potuluka m'chipatala adokotala anawauza kuti mankhwala paokha sakwanira: aziyenda tsiku ndi tsiku pamalo opanda zikweza, pang'onopang'ono, akatopa azipuma. Mtima wanga unakhala pansi, poti tili ndi njira imene inu eni munakonza zaka zapitazo, yotsata gombe kuchokera padooko kukafika kukankhalango ka kutsidya kwa dambo. Pachiyambi pake pali chikwangwani chanu. Utoto unasuluka, koma mawu akuwerengekabe: "Njira yosavuta, yoyenera banja lonse."

Tinanyamuka m'mamawa mame asanakamuke. Poyamba zonse zinali monga chikwangwani chinanenera. Nyanja inali bata, akakowa ataima m'madzi osaya, kamphepo kakugwedeza bango. Bambo ankayenda ndi ndodo yawo akutchula mayina a mitengo umodziumodzi, ndipo chidwalireni ndinali ndisanawaone akumwetulira chotero. Tisanathe n'kilomita imodzi yomwe tinafika pakhwawa pomwe panali kamlatho ka matabwa. Kamlathoko kanapita ndi madzi zaka ziwiri zapitazo, ndipo pamalo pake anthu anagonekapo mtengo umodzi woterera. Mnyamata wina woweta ng'ombe anandithandiza kuwaolotsa, ine kutsogolo iye kumbuyo, mtima wanga uli m'mwamba. Titayenda pang'ono tinakumana ndi mpanda wa waya waminga, wotsika kuchokera kumtunda mpaka kulowa m'madzi. Kamuvi kopentedwa pamtengo kanatilozera kumtunda, kumsewu wa galimoto. Chikweza chake ndi chamiyala yogubuduka. Bambo anayesa, anafika pakati, miyendo inakana. Panalibe benchi, panalibe ngakhale chitsa. Anakhala pansi pafumbi, munthu wamkulu amene anandilera, anthu odutsa akuwayang'ana, ndipo ananena motsitsa mawu kuti: "Mwanawe, njira iyi sanakonzere anthu onga ine. Tiye tibwerere." Kuyambira tsiku limenelo sanafunenso kupitako. Amangozungulira nyumba kangapo n'kukhala pakhonde.

Akuluakulu, mawu oti "yosavuta" ndi lonjezo. Mnyamata wa zaka 20 salabadira chikwangwani. Khwawa adumpha, waya akwawa kunsi kwake. Amene amawerenga mawu amenewa n'kuwakhulupirira ndi amene alibe mphamvu zoyesera mwayi: nkhalamba, mayi woyembekezera, kholo lomwe lagwira ana awiri padzanja, munthu woyenda panjinga ya olumala, wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi amene wauzidwa kuti aziyenda, mlendo wosadziwa dera. Kwa anthu amenewa njira imayezedwa ndi malo ake ovutitsitsa. Makilomita asanu osalala akakhala ndi mamita asanu osadutsika, njira yonseyo ndi yosadutsika. Ndipo anthuwa si ochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena mmodzi mwa anthu 6 aliwonse, ali ndi ulumali waukulu. Bungwe lomweli, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zosakhetsa thukuta kwambiri kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kumudzi kulibe nyumba zochitira masewera olimbitsa thupi. Chomwe chilipo, chimene munthu aliyense angakwanitse osalipira kanthu, ndi njira yabwino, ndipo malo a m'mbali mwa nyanja ndi amene chilengedwe chinawayala kale kukhala osakwera.

Dandaulo langa loyamba, ndiponso lalikulu kuposa onse, ndi mpanda uja.

Sinditsutsa kuti munthu agule malo m'mbali mwa nyanja, amange, alembe anthu ntchito. Koma njira ija inalipo mpanda usanabwere, inaliponso khonsolo isanakhome chikwangwani. Anaiponda ndi mapazi awo asodzi opita kumabwato, alimi opita kuminda, ana odula chidule popita kusukulu. Inu munaipeza, munailambula, munaipatsa dzina. Koma tsiku limene mapulani a malowo ankavomerezedwa, palibe anafunsa kuti nanga anthu azidzera kuti. Lero ana omwe ankayenda m'mbali mwa madzi akuyenda m'mphepete mwa msewu wopanda poyenda anthu apansi, magalimoto akuwadutsa pafupi. Ndipo mpanda umodzi umaitana unzake. Woyandikana naye akaona kuti mnzake watseka ndipo palibe chachitika, nayenso amagula waya. Pakutha zaka zochepa nyanja imasanduka chinthu chongoonera patali, pakati pa makoma, kwa anthu omwe anabadwira pagombe pake.

Nkhondo imeneyi si yachilendo, ndipo ena anaipezera njira. Ku France lamulo limauza mwini malo a m'mbali mwa mtsinje kapena nyanja ya boma kuti asiye mamita 3.25 kuchokera pagombe, osamangapo mpanda, osabzalapo mitengo yotseka. Lamulo la zamadzi la 2006 linanena momveka kuti kampata kameneka ndi ka munthu aliyense woyenda pansi, osati asodzi ndi ogwira ntchito za boma okha. Ku Sweden, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, gombe limatetezedwa ndi lamulo. Mtunda wotetezedwa ndi mamita 100 kuchokera pamadzi, ndipo malo ena ungafike mamita 300. Zifukwa zake ndi ziwiri: kuti anthu azifika kumadzi, komanso kuti zomera ndi nyama za pagombe zisawonongeke. Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha nyanja ya Geneva Lake m'chigawo cha Wisconsin ku America. Nyanjayo yazunguliridwa ndi nyumba za anthu olemera kwambiri, komabe njira yapansi ya makilomita oposa 30 imaizungulira yonse, kudutsa pakapinga wa nyumba zimenezo. Inayamba ngati njira ya anthu a mtundu wa Potawatomi omwe ankakhala kumeneko kale, ndipo eni nyumba amene anabwera pambuyo pake sanaloledwe kuitseka. Nyumba zilipo, eni ake akukhala, anthu akudutsa.

Palinso phunziro lochokera ku England. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'mafakitale, analowa dala paphiri la Kinder Scout pomwe eni malo ankaletsa anthu wamba kuyendapo, ndipo asanu anaponyedwa m'ndende. Patapita zaka, lamulo la 1949 linalamula makhonsolo kuti alembe pamapu ovomerezeka njira zonse zomwe anthu ali ndi ufulu wodutsamo, ndipo lina la 2000 linatsegula mapiri ndi madambo ambiri. Mfundo ya mapu ija ndi imene ndikufuna muimve. Njira yolembedwa pamapu a boma imakhala ndi poimira pamlandu. Njira yodziwika ndi mapazi a anthu okha imatha tsiku limene wina wafika ndi pepala la umwini. M'makalata anga aja ndinafunsa ngati njira yathu inalembedwa penapake, ndipo funsolo likadali chiimire.

Kwa inu eni malo, nkhawa zanu ndimazimva ndipo sindizipeputsa. Alipo odutsa omwe amataya mabotolo, amasiya chipata chotsegula ziweto n'kutuluka, amathyola zipatso, amasuzumira m'mawindo. Zimenezi n'zoipa, ndipo ife oyenda tiyenera kudzudzulana. Koma mankhwala ake alipo osatseka njira. Mpanda uime kumtunda kwa njira m'malo moidula pakati. Mpanda wa mitengo yobiriwira umabisa nyumba bwino kuposa waya. Chipata chodzitsekera chokha chimasunga ziweto. Ndipo njira yomwe anthu abwino amadutsamo tsiku lonse imakhala ndi maso ambiri kuposa malo otsekedwa omwe wakuba yekha ndiye amadziwa polowera.

Dandaulo lachiwiri ndi madzi. Pano ndichedwepo, chifukwa ndalama zambiri zokonzera njira zimatayika posamvetsa chinthu chimodzi: chimene chimapha njira ndi madzi a mvula, mapazi amangoyambitsa.

Zimayenda chonchi. Anthu akamaponda malo amodzi nthaka imalimba, udzu umafa, ndipo pakati panjira pamatsika pang'ono kuposa m'mbali. Mvula ikagwa, madzi salowa m'nthaka yolimbayo, amatsata njira ngati ngalande. Akamayenda mtunda wautali osapatutsidwa amachuluka, amathamanga, amayamba kukumba. Chaka choyamba ndi kamzere, chachiwiri mizu ili pamtunda, chachitatu ndi chigwembe chofika m'mawondo. Pamalo otsika pamadikha matope, anthu amalambalala, amaponda udzu wa m'mbali, ndipo kanjira ka mita imodzi kamasanduka bwalo lamatope la mamita anayi. Dothi lonse lokokoloka limathera m'nyanja momwemo. Limakwirira malo oswerana nsomba, ndipo limapita ndi feteleza ndi ndowe za m'minda zomwe zimadyetsa ndere, madzi n'kuyamba kubiriwira. Choncho njira yosasamalidwa imapweteka woyenda, imapwetekanso msodzi amene sanapondemo n'komwe.

Odziwa kukonza njira zapansi ali ndi malamulo ochepa, osafuna makina. Njira yodutsa m'mbali mwa chitunda ipendekeke pang'ono kumunsi, pafupifupi masentimita 5 pa mita iliyonse ya m'lifupi, kuti madzi aziidula m'malo moitsata. Pakapita kamtunda pazikhala kotsika pang'ono kenako kokwera, kuti madzi amene ayamba kutsata njira apeze potulukira asanakhale ndi mphamvu. Kukwera kwa njira kusapitirire theka la kutsetsereka kwa chitunda chomwe ikudutsacho. Ikapitirira, madzi amasankha njira. Padambo musathire dothi, chifukwa limamira ndipo limatseka madzi. Pamafunika kanjira ka matabwa kokwezedwa pamitengo. Ndipo ngalande ndi mapaipi odutsa pansi azichotsedwa masamba ndi mchenga mvula isanayambe, ndiponso ikangogwa yamphamvu. Ntchito imeneyi ndi ya khasu, fosholo ndi wilibala. Panjira yathu sindinaonepo munthu akuigwira chimangireni.

Kamlatho kaja sikanapite chifukwa cha tsoka. Mizati yake inazikidwa m'khwawa momwe, pansi pa pomwe madzi amafika mvula ikachuluka. Anthu akuluakulu okhala pafupi amadziwa mtengo umene madzi anafikapo chaka chimene nyanja inasefukira, amadziwa khwawa limene limadzaza msanga, koma omanga sanawafunse. Nyanja nayo imakwera ndi kutsika. Njira yolembedwa chaka cha madzi ochepa imamira chaka cha madzi ambiri. Chinanso chimandipweteka mtima: pamalo ena bango ndi mitengo ya pagombe zinadulidwa kuti nyanja izioneka bwino kuchokera pakhonde. Bango ndi limene limathyola mphamvu ya mafunde, mizu ya mitengo ndi imene imagwira gombe. Pomwe zinadulidwa, mafunde akudya nthaka, ndipo njira yatsala m'mphepete mwa phompho.

Dandaulo lachitatu ndi zikwangwani. Chilipo chimodzi chokha, pachiyambi, ndipo sichinena kutalika kwa njira, nthawi yake, kapena zomwe zili kutsogolo. Pamphambano zitatu za m'minda palibe chizindikiro chilichonse. Ndakumanapo ndi banja la alendo dzuwa likulowa, ana akulira, atalowera kanjira ka ng'ombe n'kukathera m'dambo. Kuwerengera nthawi si chinsinsi. Mu 1892 munthu wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, anapereka lamulo limene anthu akugwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Koma iye ankanena za munthu wamphamvu wosapuma. Panjira ya banja lonse nthawi yolembedwa ikhale ya woyenda ndi mwana kapena ndi ndodo. Ku Switzerland, kumene njira zapansi zokhala ndi zizindikiro zimaposa makilomita 65,000, mtundu wa chizindikiro umakuuza zoyembekezera: chachikasu ndi njira wamba, choyera ndi chofiira ndi ya m'mapiri, choyera ndi chabuluu ndi ya akatswiri. Kumeneko nkhani ya njira zapansi inalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1979, anthu atavota. Kudera la nyanja la Lake District ku England oyang'anira anasankha njira zopanda zokwera pamipanda n'kuzitcha Miles without Stiles, ndipo anazigawa patatu: za onse, za ambiri, za ena. Amafotokoza kutsetsereka kwake ndi mtundu wa nthaka, kuti munthu adziweruze yekha asananyamuke. Chimene ndikusilira kumeneko ndi kunena zoona. Chikwangwani chathu chikadanena kuti kutsogolo kulibe mlatho, bambo anga akadayenda kilomita yawo imodzi n'kubwerera ali osangalala.

Dandaulo lachinayi ndi la tinthu ting'onoting'ono timene munthu wamphamvu saona. Njira yonse ilibe pokhala. Kwa nkhalamba benchi ndi imene imatalikitsa ulendo: akadziwa kuti pamthunzi uja pali popumira amalimba mtima n'kupitirira. Pamalire a minda pali makwerero a matabwa odumphira mpanda, ndipo pamenepo ulendo wa woyenda panjinga ya olumala umathera. Pena anathira miyala ikuluikulu yosatsendera, yomwe imagubuduza ndodo ndi kutsamwitsa matayala. Malamulo a zomangamanga a ku America okhudza anthu aulumali amati malo oyendapo akakwera kupitirira mita imodzi pa mamita 20 aliwonse ayambe kutengedwa ngati chikweza chofuna chisamaliro chapadera, ndipo chikwezacho chisapose mita imodzi pa mamita 12. Njira yakumudzi singafike pamenepo paliponse, ndikuvomereza. Koma gawo limodzi, loyambira padooko, likhoza. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, m'ndime 30, limanena za mwayi wofika kumalo achisangalalo ndi okopa alendo. Limanena za malo ngati amenewa. WHO imatinso anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Muzu umodzi wotuluka pamtunda ndi wokwanira kuthyola chiuno cha gogo.

Chimbudzi palibe. Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi koma ndiinena, chifukwa anthu akasowa kolowera amapita m'bango, m'mbali mwa madzi omwe ena amasamba ndi kumwa. Ophunzitsa kuyenda m'tchire amalangiza kuti munthu atalikire mamita 60 kuchokera pamadzi ndipo akwirire, koma panjira yopanikizika pakati pa mpanda ndi nyanja mamita 60 amenewo kulibe. M'nyanja za kumadera otentha umu ndi mmene likodzo limazungulirira: mazira amalowa m'madzi kuchokera kwa munthu, tizilombo timakulira mu nkhono, kenako timaboola khungu la mwana amene akusewera pamadzi osaya.

Lachisanu ndi lalifupi. Njira ya m'mbali mwa nyanja imakopera anthu kumadzi, makamaka ana. WHO imati anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi mu 2021, ndipo ana ndi achinyamata ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Okhala pafupi amadziwa pomwe pansi pamatsika mwadzidzidzi, ndipo kunyanja zokhala ndi mvuu kapena ng'ona amadziwa potulukira pake. Mlendo sadziwa. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti ndalama palibe. Koma zinapezeka zomangira njira, zosindikizira timapepala toitanira alendo, ndi zochitira mwambo wotsegulira. Vuto limene ndimaliona ndi loti kumanga kumakhala ndi bajeti, kusamalira kulibe. Chinthu chomangidwa chimasiyidwa mpaka chife, kenako mumafunafuna ndalama zambiri zochimanganso. Kuchotsa mchenga m'ngalande kawiri pachaka n'kotchipa kuposa kukwirira chigwembe, ndipo kusintha thabwa limodzi lofumbwa n'kotchipa kuposa mlatho watsopano. Manja alipo. Anthu okhala m'mbali mwa njira amaidziwa kuposa katswiri aliyense. Koma chonde musawauze kuti agwire ulere pomwe nyumba zogona alendo zikulengeza njira yomweyo pokopa makasitomala. Wopindula ndi njira asonkheko, wogwira ntchito alandire.

Choncho, akuluakulu, mwaulemu ndikupempha izi:

1. Tsegulani gawo lotsekedwa ndi mpanda. Khalani pansi ndi mwini malo, mpanda usunthire kumtunda, patsale mpata wokwanira anthu awiri kupatukirana, mmodzi ali panjinga ya olumala. Ngati pali chifukwa chenicheni choti njira isadutse pagombe pamenepo, njira yolowa m'malo ikhale yosakwera ngati yoyambayo, ndipo isatuluke kumsewu wa galimoto.

2. Lembani njirayi pamapu ovomerezeka, pamodzi ndi tinjira tonse totsikira kumadzi timene anthu akhala akugwiritsa ntchito. Polemba muyende ndi anthu a m'deralo, amuna ndi akazi, akulozereni. Mapuwo apachikidwe poti aliyense awaone, ndipo kuyambira pamenepo mapulani alionse a malo a pagombe asavomerezedwe asanafananizidwe ndi mapuwo.

3. Bwezeretsani mlatho mvula ikubwerayi isanayambe, mizati yake ili pamwamba pa pomwe madzi anafikapo kale, wokhala ndi pogwira mbali zonse ziwiri.

4. Pomwe mukukonzekera zimenezi, sabata ino yomwe, lembani zoona pachikwangwani. Munene kuti mlatho palibe, kuti njira yatsekedwa pakutipakuti, kuti pali chikweza. Izi zikufuna utoto ndi munthu mmodzi.

5. Ikani m'bajeti ya chaka chilichonse ndalama zosamalira njira, padera ndi zomangira. Lembani anthu a m'deralo, aliyense ndi gawo lake, azilambula, azitsegula ngalande, azinena pomwe pawonongeka. Patsani ofesala mmodzi udindo umenewu, ndipo njira yomufikira ilembedwe pachikwangwani kuti woona vuto adziwe kokanena.

6. Konzani gawo loyamba, ngakhale kilomita imodzi yokha, kuti likhale la onse: nthaka yotsenderedwa, zipata m'malo mwa makwerero, mabenchi okhala ndi potsamira pamithunzi, otalikirana moti nkhalamba ikakhala pa ina izitha kuona inzake. Musanalilengeze, muitane anthu aulumali ndi okalamba aliyese okha, ndipo chimene anene muchimvere.

7. Mangani chimbudzi pachiyambi pa njira, kutali ndi madzi, ndipo pakhale wochisamalira.

8. Letsani kudula bango ndi mitengo ya pagombe, bzalaninso pomwe panadulidwa, ndipo ikani machenjezo okhala ndi zithunzi pamalo akuya ndi potulukira nyama, kuti mwana ndi wosadziwa kuwerenga amve.

9. Tiyankheni poyera pasanathe mwezi umodzi: chimene muchite, liti, ndi chimene simungathe pamodzi ndi chifukwa chake. Yankho loti "sitingathe chaka chino" tingalimve. Chete ndi amene akutipweteka.

Kwa inu anzanga amene mukuwerenga, ngati kwanu kuli njira yotere, iyendeni ndi munthu amene amavutika kuyenda, mulembe malo alionse amene waima, mujambule, mutumize kwa oyang'anira anu pamodzi ndi kalatayi.

Ndisanalembe ndinawawerengera bambo zopempha zisanu ndi zinayizi. Anamvetsera, kenako anati mlatho ukabwerera adzayesanso, bola pakhale pokhala pafupi ndi mtengo waukulu uja wa pakhwawa. Choncho ndikukuitanani, akuluakulu: sankhani tsiku, mubwere ndi amene anavomereza mapulani a mpanda uja komanso mwini malo, tikumane pachikwangwani m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Bambo adzatsogola, ife tonse tidzayenda paliwiro lawo, ndipo pomwe adzaime tidzaima nawo.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa mmodzi wa okalamba amene akudikira njirayi